Wenela ndi ndege imene inagwa ku Francistown

M'zaka za m'ma 1960, munthu wofuna kumva za kukwera ndege sankafunika kukafunsa mabwana a ku Zomba. Ankangotsetsereka phiri la Thyolo n'kulowa m'midzi ya kwa Makhuwira, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo kumeneko, monganso m'maboma ena onse a dziko lino, ankatha kupeza bambo wolima thonje, woti pakhomo la sukulu sanapondepo, akufotokoza bwinobwino mmene makutu amatsekekera ndege ikamanyamuka ndi mmene mtsinje wa Zambezi umachepera ukauonera kumwamba. Amalawi oyamba kukwera ndege mwaunyinji anali alimi opita kukakumba golide, ndipo amene ankawakweza ndi Wenela.

Dzina lake lonse linali Witwatersrand Native Labour Association. Linabadwa chifukwa cha vuto limene eni migodi anali nalo kuyambira pomwe golide anapezeka ku Witwatersrand, ku South Africa, mu 1886. Golide wa kumeneko ndi wambiri, koma ali pansi kwambiri ndipo ngomwazikana m'mwala, moti pamafunika kuphwanya matani a miyala kuti papezeke kachidutswa kochepa. Mtengo wa golide pa msika wa dziko lonse sunkasinthasintha, choncho phindu linkadalira chinthu chimodzi: anthu ambiri olandira zochepa. Migodi ikamalimbirana antchito, malipiro ankakwera. Pofuna kutseka mpata umenewo, bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, linakhazikitsa Wenela kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900, kuti pakhale wolemba anthu mmodzi yekha ndi mtengo umodzi wokha. Mu 1912 linawonjezera lina, Native Recruiting Corporation, lolemba anthu m'kati mwa South Africa ndi maiko oyandikana nawo ngati Basutoland, lomwe lero ndi Lesotho. Wenela inatsala ndi Mozambique ndi maiko a kumpoto.

Kuno inalowa mu 1903, pomwe boma la atsamunda linalola kuti ayesere kutenga anthu. Azungu a minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje anakwiya, poti ankafuna anthu omwewo pa minda yawo. Amishoni nawo anadandaula. Koma chimene chinathetsa nkhaniyo ndi maliro. Amuna ochokera kumalo otentha akafika ku Joni, ndiko kuti ku Johannesburg, ankapeza chisanu choti sanachionepo, akugona mothithikana m'makomboni, ndipo chibayo chinkawapulula. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, umene pamapu umadutsa chakufupi ndi mtsinje wa Limpopo.

Lamulolo linatseka Wenela kuno, koma silinatseke njira. Amuna ankapitabe okha, paselefu, wapansi, akumaima miyezi ingapo pa mafamu a ku Southern Rhodesia kuti apeze kamba wa patsogolo. Mmodzi mwa anyamata amene anayenda ulendo wotero anali wa ku Kasungu, dzina lake Kamuzu Banda, amene anagwirako ntchito ku Hartley asanakafike pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg.

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa 1932, South Africa itasiya kumangirira ndalama yake ku golide. Mtengo wa golide unakwera, migodi inakula, anthu anachepa. Chiletso chija chinayamba kufewetsedwa mu 1933 ndipo pofika 1937 chinali chitachotsedwa, eni migodi akunena kuti tsopano ali ndi katemera ndi chisamaliro chokwanira. Kuno nako boma linali litatopa ndi kuwerenga midzi yopanda amuna. Komiti ya 1935, imene inatsogoleredwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna 120,000 a Nyasaland anali kunja, ambiri mwa iwo machona osatumiza ngakhale kalata. Maganizo a boma anali akuti ngati anthu akupitabe, kuli bwino apite pa pangano lolembedwa, lokhala ndi tsiku lobwerera ndi ndalama yobwera nayo. Mkulu wa Wenela, William Gemmill, anagwira mwayi umenewo ndi manja awiri. Analambula misewu kumpoto kwa Bechuanaland, anaika maboti pa Zambezi, anamanga madepoti kuyambira ku Barotseland mpaka ku Nyasaland.

M'Chigwa cha Shire nthawiyi inakumana ndi tsoka la madzi. Amang'anja ndi Asena a m'chigwachi ankadalira minda iwiri, wa kumtunda wa mvula ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje, ndipo thonje ndilo linkabweretsa ndalama ya msonkho. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera n'kukhalitsa, namiza madimba ambiri ozungulira dambo la Dabanyi, limene pamapu limalembedwa Elephant Marsh. Wolemba mbiri Elias Mandala anafotokoza mmene kumira kwa madimba kunagwetsera ulimi wa m'chigwachi ndi kukankhira amuna ku ntchito zakutali. Mnyamata wa ku Livunzu kapena ku Mapelera anali ndi njira zingapo, zonse zowawa. Akanatha kukwera phiri kukathyola tiyi ku Thyolo. Akanatha kukwera sitima pa Makhanga kapena pa Chiromo, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, n'kukafika ku Beira kapena ku Salisbury. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri panabweranso Mthandizi, wolemba anthu opita ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia. Pa zonsezi, ndalama yooneka inali ya ku Joni.

Wolowa joini ankayamba ndi kuvula. Pa depoti ya ku Blantyre, pafupi ndi siteshoni ya sitima, pamalo pomwe mpaka lero okwera mabasi amati pa Wenela, amuna ankaima pamzere kukwera sikelo mmodzimmodzi. Dokotala ankamvetsera chifuwa, kuyang'ana maso ndi manja. Wopepuka kwambiri kapena wotsokomola ankabwezedwa. Wopambana ankadinda chala pa pepala loti mwina sakanatha kuliwerenga, ndipo kuyambira pamenepo ankadziwika ndi nambala. Pangano linali la chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Akafika ku Johannesburg ankalandiridwa pa depoti yaikulu imene anthu ankaitcha Mzilikazi, kupimidwanso, kenako kugawidwa ku migodi popanda kufunsidwa kumene akufuna.

Pa mgodi pankadikira mayeso ena. Migodi ngati ERPM ndi Western Deep Levels inazama kupitirira makilomita atatu, kumene mwala weniweniwo umatentha kuposa madigiri 50. Asanatsike, obwera kumene ankalowetsedwa m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, n'kumakwera ndi kutsika pa kasitepe maola angapo, tsiku ndi tsiku, wina akuwayeza kutentha kwa thupi. Ngakhale munthu wokulira m'dzuwa la Okutobala la ku Chikwawa ankatuluka m'menemo miyendo ikunjenjemera. Ankaphunziranso Fanakalo, chilankhulo cha malamulo a pansi pa mgodi, ndipo ku komboni ankagona pa mabedi a simenti osanjikizana.

Pakati pa Blantyre ndi Johannesburg ndi pomwe Wenela inaonetsa luso lake lenileni. Ulendo wapansi unali wautali, komanso unkadutsa m'dziko la Rhodesia, limene linkasirira antchito omwewo. Mu 1952 bungweli linayamba kuulutsa ndege zakezake, likulu lake ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, lomwe lero ndi Botswana. Ndege zinkatola anthu ku Chileka, ku Lilongwe ndi ku Fort Hill, komwe lero ndi ku Chitipa, ndiponso ku Mongu, ku Shakawe ndi malo ena a m'tchire, n'kukawatsitsa ku Francistown. Kuchoka apo sitima ndiyo inkamaliza ulendo. Pobwerera zinali chimodzimodzi: sitima mpaka ku Francistown, kugona pa depoti, kenako ndege.

Ndegezo zinali za mtundu wa Douglas, zing'onozing'ono za DC-3 zimene ambiri ankazidziwa kuti Dakota, ndi zazikulu za DC-4 za injini zinayi. DC-4 ndi ndege ya nthawi ya nkhondo yachiwiri. Zambiri zinapangidwira asilikali a America pa dzina lakuti C-54 Skymaster, ntchito yake kunyamula katundu ndi asilikali. Ndi ndege za mtundu umenewu zimene zinadyetsa mzinda wa Berlin mu 1948 ndi 1949, iliyonse ikutera ndi matani pafupifupi khumi a malasha kapena ufa. Nkhondo itatha zinagulitsidwa motchipa, ndipo zinali zolimba, zosavuta kukonza, zotha kutera pa bwalo lafumbi. Makampani onyamula anthu olemera ankaikamo mipando 44. Wenela inkakwezamo anthu 80.

Ndalama nayo inali ndi njira yake. Gawo lalikulu la malipiro linkasungidwa kuti munthu akalandirire kwawo, ndipo boma linkapindula kawiri: ndalama yakunja inkalowa m'dziko, komanso Wenela inkalipira pa munthu aliyense wolembedwa. M'mudzi phindu linkaoneka ndi maso. Wobwera ku Joni ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, bulangete lolemera, jekete, wailesi, njinga ya Humber kapena Raleigh, mwina makina osokera a Singer. Ena anafolera nyumba ndi malata, ena anagula ng'ombe, ndipo pakati pa Asena, kumene kuli malobolo, joini imodzi inkatha kukwatitsa munthu. Komabe katswiri wa zachuma Francis Wilson atawerengetsa anapeza kuti malipiro a munthu wakuda pa mgodi wa golide mu 1969 sankagula zambiri kuposa a mu 1911. Chuma cha sutikesi chija chinkachokera m'kudzimana kwa zaka ziwiri, kwinaku mkazi akulima yekha munda ndi dimba.

Maiko atayamba kudzilamulira, Wenela inayamba kutaya malo. Tanzania inaitsekera khomo, ndipo Zambia ya a Kenneth Kaunda inachita chimodzimodzi mu 1966. Malawi anapita kwina. Mu 1967 a Kamuzu Banda anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la ku Pretoria, panakhalanso pangano la za antchito. South Africa inabwereketsa ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe, mtsogoleri wake John Vorster anabwera kuno mu 1970, ndipo a Banda anakacheza kumeneko mu 1971. Chiwerengero cha Amalawi m'migodi chinakwera mofulumira mpaka kufika cha m'ma 120,000 mu 1973, kuposa dziko lina lililonse lotumiza anthu. Pa anthu anayi akuda otsika mu mgodi wa golide, mmodzi kapena kuposerapo anali Mmalawi. Ndege za ku Francistown sizinkapuma.

Pa 4 Epulo 1974, DC-4 ya Wenela inanyamuka ku Francistown kulowera ku Blantyre ndi anthu 84, pafupifupi onse amuna omaliza joini. Itangokwera m'mwamba, injini zinayamba kutentha mopitirira muyeso ndi kutaya mphamvu. Oyendetsa anaitembenuza kuti abwerere pa bwalo, koma sinafike. Inagwera m'tchire patatsala makilomita ochepa, n'kuyaka moto. Anthu 78 anafa, oposa 70 mwa iwo Amalawi. Mpaka lero ndiyo ngozi ya ndege yoopsa koposa m'mbiri ya Botswana.

Ofufuza anapeza kuti vuto linali m'mathanki. Petulo wa ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti.

Kuti zimveke bwino, injini za DC-4 ndi za mapisitoni, za Pratt & Whitney, zozungulitsa mapulopela. Zimafuna petulo wapadera wopirira kupanikizidwa, amene amadikira moto wa pulagi kenako n'kuyaka mwadongosolo, kukankha pisitoni bwinobwino. Mafuta a jeti ndi mtundu wa parafini, ndipo alibe kupirira kumeneko. Akalowa mu silinda amaphulika okha nthawi isanakwane, n'kumenya pisitoni mwadzidzidzi. Kutentha kumakwera, zitsulo zimayamba kupsa, mphamvu imatsika. Wakabaza wa njinga yamoto pa Thabwa amene anagulitsidwapo petulo wa m'chigubu wothiridwa parafini amadziwa kugogoda kumeneko, kungoti iye amaima pambali pa msewu n'kutsika.

Choopsa cha mafuta osakanikirana n'chakuti amabisala. Injini imalira, ndege imayenda pa bwalo ngati zonse zili bwino, chifukwa pa mphamvu yochepa kuphulika kuja sikuoneka kwenikweni. Vuto limadzuka pamene woyendetsa watsegula mphamvu zonse kuti anyamuke, ndege ili yodzaza, nthaka ili pafupi. Ndiponso injini zinayi zimaikidwa n'cholinga choti imodzi ikafa zinazo zipitirize, koma chitetezo chimenecho chimagwira ntchito ngati chofooka chili mu injini imodzi. Zonse zikamamwa mafuta amodzimodzi oipa, zimadwalira limodzi. M'zaka zimenezo mabwalo ambiri ankasunga mafuta a mitundu iwiriyi moyandikana, poti ndege zakale za mapisitoni ndi zatsopano zinkatera pamodzi, ndipo ngozi za mtundu uwu ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti m'tsogolo mipope ya mafuta a jeti ipangidwe ya kukamwa kwakukulu, kosalowa pa thanki ya ndege ya petulo.

Ngoziyo itachitika, kuno yankho linabwera msanga. A Banda analetsa Wenela kulemba anthu, nalamula kuti amene ali ku migodi azibwera mapangano awo akamatha. M'migodi ina Amalawi sanafune n'kudikira komwe, anakana kutsika pansi kuti atumizidwe kwawo. Pofika 1976, mwa khamu lija munatsala ochepa zedi.

Mkwiyo wa mtsogoleri unali woona, koma ofufuza za chuma ngati Robert Christiansen ndi Jonathan Kydd anasonyeza kuti panalinso zina pansi pake. M'zaka zomwezo minda ikuluikulu ya fodya inkatsegulidwa ku Kasungu, ku Mchinji ndi kwina, yambiri ya makampani ndi akuluakulu oyandikira boma, ndi ndalama zochokera ku phindu la ADMARC. Mindayo inkafuna manja, ndipo manjawo anali ku Joni. Ngozi ya ku Francistown inapereka chifukwa choti palibe akanachitsutsa.

Eni migodi anagwidwa njakata kawiri mwezi umodzi. Patangotha milungu itatu chichitikire ngozi ija, pa 25 Epulo, asilikali analanda boma ku Portugal, ndipo zinaonekeratu kuti Mozambique, gwero lina lalikulu la antchito, ikupita m'manja mwa Frelimo. Chamber of Mines inaona kuopsa kodalira maiko awiri. Mwayi wake, golide anali atamasulidwa ku mtengo wakale wa madola 35 pa aunsi ndipo kumapeto kwa 1974 ankayandikira madola 200. Ndalama zokwezera malipiro zinalipo. Malipiro anakweradi kangapo m'zaka zochepa, ndipo malo a Amalawi anatengedwa ndi amuna a ku Transkei, a ku Lesotho ndi a ku Rhodesia. Amalawi anachoka pa mgodi nthawi yomwe ntchitoyo inayamba kulipira.

Obwerera ku Chigwa anapeza zosintha pang'ono. Ku Nchalo kunali munda wa nzimbe ndi fakitale ya SUCOMA, imene Lonrho inatsegula m'ma 1960. Ku Ngabu kunali chitukuko cha thonje cha ndalama za World Bank, ndi alangizi ophunzitsa kupopera mankhwala. Ena analowa kudula nzimbe, ena anabwerera ku thonje ndi usodzi wa m'dambo, ena anakwera malole kupita ku ulimi wa fodya ngati matenanti. Paliponse ndalama yake sinkafika pa ya ku mgodi.

Mu 1977 boma linalolanso kulemba anthu. Chaka chomwecho Wenela ndi Native Recruiting Corporation zinaphatikizidwa kukhala The Employment Bureau of Africa, TEBA, imene kuno anthu amati Theba. Koma khomo linali litachepa. Migodi inkafuna anthu ozolowera ntchito, obwerezabwereza, ndipo chiwerengero cha Amalawi chinkakhala pansi pa 20,000 zaka zambiri. Malo a Theba anasanduka chinthu cholimbirana, amuna akugona pa maofesi a zantchito kudikira dzina.

Mapeto anabwera ndi matenda atsopano. South Africa inafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asananyamuke, boma la Malawi linakana, ndipo kulemba anthu kunaima mu 1988. Malinga ndi kafukufuku wa Wiseman Chijere Chirwa, pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa, chifukwa chonenedwa chili chakuti pafupifupi 200 anapezeka ndi kachilomboka. Chirwa anaona kuti migodi inali kale pa ntchito yochepetsa alendo. Njira ya ku Joni sinafe, inangobwerera paselefu, tsopano pa basi yodutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge.

Chimene amuna ambiri anabwera nacho osachidziwa chinali m'mapapo. Fumbi la mwala wa golide limalowa m'chifuwa n'kupanga zipsera zosapola, matenda otchedwa silicosis, amene amatha kuonekera patapita zaka khumi kapena makumi awiri ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. M'midzi anthu ankangoti bambo uja anabwera ndi chifuwa cha ku mgodi. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields ndi Harmony, anavomera kulipira ndalama zokwana 5 biliyoni randi, ndipo khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019. Ndalamazo zimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zimakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira pa 12 Malichi 1965, kutanthauza kuti ambiri mwa amene anakwera ndege za Wenela m'zaka zake zomaliza ali m'gululo.

Kuti munthu alandire, pamafunika umboni woti anagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti, ndipo nthawi zambiri umboniwo umafunidwa m'mabuku a Theba, momwe munasungidwa manambala ndi zidindo za zala. Wamoyo amayenera kuyezedwa mapapo. Kwa amene anamwalira, mkazi wamasiye kapena ana amafunsidwa chikalata cha imfa kapena mapepala a kuchipatala osonyeza chimene chinamupha. Apa ndi pomwe mabanja ambiri a kwa Makhuwira ndi midzi ina amakakamira, chifukwa lamulo lokakamiza kulembetsa imfa m'Malawi linayamba kugwira ntchito mu 2015, pamene ambiri mwa amuna a Wenela anali ataikidwa kale m'manda ndi chilolezo cha anyakwawa chokha.